Mankhwala si zitenje, tisasandutse gulu lino famase

Abale athu a geni, amayi ndi abambo, nonse amene timagona limodzi pa Beitbridge ndi pa Plumtree kudikira chidindo, pepani lero tilemba zambiri. Amene data yanu ndi yochepa sungani positiyi mudzawerenge mukapeza WiFi, koma mudzawerenge ndithu.

Gulu lino tinalitsegula kuti tizipatsana nzeru: basi iti ikunyamuka liti ku Joni, randi ikusinthidwa bwanji lero, a ZIMRA asintha chiyani pa boda, ndi shopu iti ku Dragon City imene ili ndi mabulangete osathothoka ubweya. Koma miyezi yapitayi mwalowa geni ina. Pakati pa zithunzi za nsapato ndi mapoto tikuona zithunzi za mapiritsi. Wina akuti a BP alipo, inbox. Wina akuti a shuga ndi a mphumu ochokera ku Joni, otchipa kuposa ku famase. Wina waika linki ya tsamba la pa intaneti lokhala ndi chithunzi cha mzungu wovala gauni yoyera, ati mukalipira pa EcoCash katundu afika mawa pa Renkini. Ndipo m'munsimo anthu athu akufunsa mtengo ngati akufunsa mtengo wa tomato.

Ife tikuti zimenezi zithe m'gulu lino. Ma admin azifufuta mapositi otere, ndipo wobwereza achotsedwe. Tikudziwa kuti ena mwa ogulitsawo ndi anzathu, tinadyera nawo m'mbale imodzi pa Musina basi itafa. N'chifukwa chake tikulemba poyera, kuti pasakhale wonena kuti tikumujeda kumbali.

Tiyambe ndi zoona zimene ogulitsawa amanena, chifukwa zilipo. Munthu amadzuka m'bandakucha kukaima pamzere ku kiliniki, n'kuuzidwa kuti mankhwala anu atha, kagulenitu. Akafika ku famase m'tauni amutchulira mtengo wa madola a ku America pamene iye wagwira ZiG, kapena sanagwire chilichonse. Makolo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku njanji ndi ku migodi, amene mpaka lero ali ku Sizinda, ku Makokoba ndi ku Njube, penshoni yawo inasungunuka ndi ndalama ya 2008. Ndi iwowo amene akumwa mapiritsi a BP ndi a shuga tsiku ndi tsiku, ndipo ndi ife ana awo amene timagula. Mu January 2025 dziko la America litaimitsa thandizo lake, amene ali pa ma ARV anagwidwa mantha, ena anayamba kufunafuna poti n'kugula osungira. Zonsezi sitikukana. Munthu wogula mankhwala pa WhatsApp si chitsiru. Ndi munthu wopanikizika, ndipo wogulitsayo akudziwa bwino lomwe kuti wapanikizika. Chimene chikutikwiyitsa ndi chimenechocho.

Mawu awo oyamba ndi akuti: mankhwalawa ndi omwewo a ku famase, kungoti ife tadula njira. Abale, amene akunena izi akuuza ndani? Akuuza ife? Ife amene timadziwa kuti nsapato ya mizere itatu ya R150 ndi ya R1,500 zimafanana mpaka kabokosi? Ife amene timadziwa pafyumu wa dzina lalikulu wothiridwa m'botolo kuseri kwa shopu? Palibe munthu mu Bulawayo muno wodziwa za katundu wa feki kuposa wa geni yodutsa boda. Makina amene amasindikiza bokosi la nsapato angakanike bwanji kusindikiza bokosi la mapiritsi? Kusiyana kwake n'kwakuti nsapato ya feki ikamatuka kasitomala amabwera nayo m'manja kudzatitukwana, timamubwezera ndalama, nkhani yatha. Piritsi la BP lopangidwa ndi choko silimatuka. Munthu amamwa mokhulupirika mwezi wathunthu, magazi akuthamanga mwakachetechete, mpaka tsiku lina pakamwa papotoka.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakati ngati athuwa, mwa mankhwala 10 aliwonse amodzi amakhala abodza kapena osakwanira mphamvu. Amenewo ndi mankhwala onse pamodzi, kuphatikizapo odutsa m'njira zovomerezeka. Nanga mukasankha dala kugula kwa munthu wobisa nkhope, mwadziika mbali iti? Ndipo musaganize kuti opanga zabodzazi ndi anyamata a m'kagalaja. Mu 2012 ku Luanda, m'dziko la Angola, a kasitomu anatsegula masipika a wailesi ochokera ku China n'kupezamo mapaketi oposa 1 miliyoni a Coartem wabodza, mankhwala a malungo amene kwathu ku Malawi timawatcha LA. Mapaketi okongola, zilembo zonse zili m'malo, koma mankhwala ophera malungo mulibe. Mu 2019 a WHO anachenjeza za Augmentin wabodza amene anapezeka ku Uganda ndi ku Kenya. Ngakhale ku Ulaya zafika: mu 2023 ku Austria anthu anagonekedwa m'chipatala atadzibaya Ozempic wabodza, jakisoni wa shuga amene ambiri akumufuna kuti achepetse thupi. Ngati azungu ndi malamulo awo onse akupusitsidwa, ife ndi diso lathu la pa foni yosweka galasi tizindikira chiyani pa chithunzi?

Tiyerekeze kuti wogulitsayo ndi munthu woona mtima, anakaguladi mankhwala enieni ku Joni. Funso lathu ndi lakuti ayenda bwanji. Tonse timaidziwa trela ya malayitsha. Timadziwa dzuwa la pa Musina mwezi wa October ndi November, lija loti ukagwira chitsulo cha basi umachotsa dzanja msanga. Timadziwa kuti galimoto ikhoza kuima pa boda tsiku lathunthu, nthawi zina awiri. Tengani bokosi lililonse la mankhwala m'nyumba mwanu muwerenge kumbali: ambiri analemba kuti asungidwe pansi pa madigiri 25 kapena 30. Insulin yosatsegula imafuna firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pansi pa tenti ya trela, pakati pa matumba a sopo ndi zigubu za mafuta ophikira, kumatentha kuposa pamenepo kutali. Margarine akasungunuka timamuona. Insulin ikapsa imaoneka chimodzimodzi, ndipo mayi amene akudzibaya azingodabwa kuti shuga sakutsika, mwina n'kuonjezera mlingo yekha, kenako tsiku limene adzapeze insulin yabwino mlingo womwewo udzamugwetsa. Mafamase ovomerezeka amalamulidwa kukhala ndi firiji ndi kulemba kutentha kwa chipinda. Mnzathu wa inbox uja amasunga kuti? Pansi pa bedi, m'chikwama cha tsekeni chomwe chija ananyamulira zitenje.

Pali mtundu wina wa mankhwala otchipa umene tiyenera kuutchula dzina lake lenileni: obedwa. Mukaona LA, ma ARV kapena mankhwala a TB akugulitsidwa pa foni, dzifunseni kuti achokera kuti, pakuti m'zipatala za boma ku Zimbabwe kuno ngakhale ku Malawi ma ARV ndi mankhwala a TB amaperekedwa ulere, ndipo LA ku Malawi ndi waulere. Mabotolo ena amachita kulembedwa kuti si ogulitsa. Ku Malawi vutoli linakula mpaka unduna wa zaumoyo unakhazikitsa nthambi yofufuza za kubedwa kwa mankhwala. Ndiye taonani mmene zimazungulira: timadandaula kuti kuchipatala kulibe mankhwala, n'kukagula kwa munthu amene wawatulutsa pakhomo la kumbuyo la chipatala chomwecho, iye n'kupeza chifukwa chobwererako mawa. Mwana wa mlongo wanu ku Ntcheu akapsa thupi usiku n'kuuzidwa kuti LA watha, mwina LA wakeyo ndi amene wajambulidwa pa status ya munthu wina.

Tikuuzeni za bambo wina wachikulire wa mumpingo mwathu, amene anapuma ntchito ku njanji. Mwana wake ali ku Joni, amatumiza ndalama mokhulupirika. Ataona kuti mtengo wa ku famase ukumulemera, anapeza munthu pa WhatsApp amene anati aziwabweretsera bambowo mapiritsi a BP pakhomo mwezi ndi mwezi. Ankabwera m'kapepala ka pulasitiki kaja kotsekera pamwamba, mapiritsi oyera, dzina lolembedwa ndi bolopeni. Patatha miyezi ingapo bambowo anagwa m'bafa, mbali imodzi inafa. Kuchipatala anamwino anafunsa chinthu chimodzi: bweretsani bokosi la mankhwala amene amamwa. Panalibe bokosi. Panalibe dzina la kampani, panalibe mlingo, panalibe tsiku lothera mphamvu. Ataimba nambala ija, sinkapezekanso, chithunzi cha pa WhatsApp chitachotsedwa. Bambowo alipo, akuyenda ndi ndodo, mawu satuluka bwino. Mwana wawo anasiya ntchito miyezi iwiri kudzawasamala, ndipo ndalama imene yapita pa zonsezi ikanagula mankhwala a ku famase zaka zingapo.

Bokosi lija anamwino ankafuna si la mwambo chabe. Pa bokosi pamakhala nambala ya batch, ndipo nambala imeneyi ndi chingwe chokhacho chokokera mankhwala oipa kuti abwerere. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito atamwa mankhwala a chifuwa amadzi ochokera ku India, amene anapezeka ndi diethylene glycol ndi ethylene glycol, zinthu zimene zimagwiritsidwa ntchito m'mafakitale. Mu April 2024 dziko la Nigeria linanena kuti lapeza poizoni yemweyo mu batch ina ya Benylin ya ana yopangidwa ku South Africa, ndipo mayiko angapo kuphatikizapo Zimbabwe analamula kuti ichotsedwe pamsika. Pambuyo pake a ku South Africa atayeza anati iwo sanapezemo kanthu, koma taonani mmene ntchito inayendera: chenjezo litatuluka, famase iliyonse inatha kuyang'ana nambala pa shelefu n'kuchotsa mabotolo. Nanga botolo limene linadutsa pa boda litakulungidwa m'bulangete n'kugulitsidwa pa inbox, ndani akanalitsata? Wogulitsa sasunga buku. Sadziwa kuti anagulitsa kwa yani. Mwinanso chenjezolo sanalimve n'komwe, anali pa mzere wa pasipoti.

Tsopano za makapisozi. Awa ndiye amagulitsidwa ngati maswiti, asanu asanu, awiri awiri, malinga ndi ndalama imene munthu ali nayo. Amoxicillin, doxycycline, cipro, Flagyl. Chimfine makapisozi, m'mimba makapisozi, mwamuna akabwera ndi matenda a kunja makapisozi mwakabisira kuti asakaonekere ku kiliniki. Achikulire m'gulu lino mukukumbuka chloroquine, mmene ankawawira ndi mmene ankayabwitsira, koma ankachiza. Anasiya kugwira ntchito chifukwa tizilombo ta malungo tinamuzolowera, ndipo mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, mu 2007 kunabwera LA. Tizilombo timazolowera pamene tikukumana ndi mankhwala ochepa mphamvu kapena omwedwa theka. Aliyense wogulitsa makapisozi atatu kwa munthu wofunika kumwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri akuphunzitsa tizilombo, ndipo tizilombo tophunzira sitikhala m'thupi la wogula yekha. Tikwera naye basi, tifika nato ku Lilongwe. Ndi ma ARV ndiye nkhani yoopsa koposa, chifukwa kachilombo kakazolowera mankhwala oyamba munthu amasamutsidwira ku ena, ndipo mitundu yake si yambiri ngati mitundu ya zitenje.

Amayi, tiyankhulane ife tokha pang'ono, abambo mutseke makutu. Mafuta oyeretsa khungu aja, Movate, Diproson, Betasol ndi anzawo, ena mwa ife timawaika m'gulu la zodzola. Si zodzola. Muli mankhwala amphamvu a steroid amene dokotala amalembera wodwala khungu kwa masiku owerengeka. Kudzola miyezi ndi miyezi khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, zipsera zakuda zimabwera m'masaya, bala silipola msanga. Tonse tinawaona amayi a nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola, ndipo timaseka, koma amene anawagulitsa ndi wa m'gulu ngati lino. Mapiritsi a Apetito onenepetsa aja ndi mankhwala a ziwengo otchedwa cyproheptadine, amagonetsa tulo, ndipo sasankha kuti mafuta apite kumbuyo kokha monga amanenera otsatsa. Abambo tsegulani makutu tsopano: mapiritsi ndi khofi wa mphamvu za kuchipinda amene amalembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha, kawirikawiri akayezedwa amapezeka ndi sildenafil, mankhwala a mu Viagra, pa mlingo wosadziwika. Kwa bambo amene akumwa mankhwala ena a mtima, zimenezi zimagwetsa BP mwadzidzidzi. Maliro ake timakhala tikunong'onezana, osanena chimene chachitika.

Ndipo pali Bronco. Palibe wa mu Bulawayo amene sanaone mabotolo a BronCleer atatayidwa m'ngalande ku Makokoba, ku Pumula kapena ku Entumbane, ndi anyamata atauma pakona ngati zitsa. Mankhwalawa muli codeine, ndi osaloledwa kugulitsidwa ku Zimbabwe, ndipo sabwera okha ndi miyendo. Amadutsa pa Beitbridge m'katundu wa anthu ngati ife. Ena amadziwa chimene anyamula. Ena amangopatsidwa katoni yomata bwino pa Park Station, ati mukapereke kwa mlamu wanga, ndikupatsani R200 ya drinki. Abale, katoni imene simunaitsegule ndi maso anu musaikweze. Pa rodibuloko wapolisi safunsa mwini wake, amafunsa amene wanyamula. Lamulo la Medicines and Allied Substances Control Act limaletsa kulowetsa, kusunga kapena kugulitsa mankhwala osalembetsedwa popanda chilolezo, ndipo nkhani za anthu ogwidwa ndi makatoni a BronCleer timaziwerenga mu Chronicle nthawi ndi nthawi. Mpamba umene mwaunjika zaka khumi ukhoza kuthera kwa loya chifukwa cha R200. Komanso aliyense wogwidwa amaipitsa dzina la tonse: mawa lake ofisala amakhuthula chikwama cha mayi aliyense pansi, mpaka zovala zamkati, chifukwa cha munthu mmodzi.

Wina afunsa kuti ndiye mukuti intaneti yonse ndi yoipa? Ayi. Ife eni geni yathu ikuyendera pa foni. Alipo mafamase enieni mu Bulawayo muno amene mumawatumizira chithunzi cha kalata ya dokotala pa WhatsApp, n'kukuuzani mtengo, n'kukubweretserani pakhomo. Ku South Africa masitolo ngati Clicks ndi Dis-Chem amagulitsa pa intaneti. Kwa mwana amene ali ku Joni kapena ku UK, wofuna kugulira mayi ake ku Luveve, imeneyi ndi njira yabwino kwambiri. Nkhani ndi kudziwa kuti kuseri kwa nambalayo kuli ndani.

Famase yeniyeni ili ndi khomo. Ili ndi msewu ndi nambala ya nyumba, malo oti mukhoza kutuma mwana kukaima pakhomo n'kuona shelefu. Musanatumize ndalama koyamba, tumani munthu akaone, ndipo akafunse ngati nambala ya WhatsApp imene mwapatsidwayo ndi yawodi, chifukwa akuba amatenga dzina ndi chithunzi cha famase yodziwika n'kuikapo nambala yawo. Pakhoma payenera kukhala chiphaso cha MCAZ, bungwe loona za mankhwala ku Zimbabwe, ndipo pa tsamba la MCAZ pa intaneti pali kaundula wa malo ovomerezeka ndi wa mankhwala olembetsedwa, woti aliyense akhoza kufufuza. Mu 2024 a WHO anaika MCAZ pa mlingo wachitatu, kutanthauza bungwe lokhazikika ndi logwira ntchito bwino, ndipo mayiko a mu Africa amene afika pamenepo ndi owerengeka. Tili ndi chida chabwino m'manja, tikungochisiya. Ku South Africa famase iliyonse imalembetsedwa ku South African Pharmacy Council ndipo ili ndi nambala yoyamba ndi Y, pamene mankhwala amavomerezedwa ndi SAHPRA. Ku Malawi ndi PMRA, imene inalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ku Zambia ndi ZAMRA, ku Botswana ndi BoMRA. Wogulitsa amene mukamufunsa za chiphaso ayamba kukwiya kapena kukuuzani kuti simukundikhulupirira mlongo wanga, wakuyankhani kale.

Chizindikiro chachikulu kuposa zonse ndi kalata ya dokotala. Ambiri timaona ngati famase yofunsa kalata ikutivutitsa, ndipo yosafunsa ndi yachifundo. Ndi mosemphana. Mankhwala a BP, a shuga, makapisozi, ma ARV, a khunyu, a tulo, onsewa ku Zimbabwe ali m'gulu lolembedwa PP pa bokosi, ofunika kalata. Ku South Africa muona S3, S4 kapena S5. Tsamba lililonse kapena munthu aliyense wolemba kuti palibe chifukwa cha kalata akulengeza yekha kuti akuswa lamulo, ndipo woswa lamulo ili alibe chifukwa chosungira malamulo enawo a firiji ndi a tsiku lothera mphamvu. Ku America bungwe la mabodi a mafamase lotchedwa NABP litafufuza masamba ogulitsa mankhwala pa intaneti linapeza kuti pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse satsata malamulo. A Interpol akhala akutseka masamba otere kuyambira 2008 pa ntchito yotchedwa Operation Pangea, koma akatseka limodzi mawa latseguka ndi dzina lina. Ndiye kukongola kwa tsamba kusakunyengeni. Mwana wa Form 4 akhoza kupanga tsamba lotero madzulo amodzi.

Katundu akafika musafulumire kumeza. Onani ngati ali m'bokosi lake lomata kapena m'botolo la famase lokhala ndi pepala lolembedwa dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mlingo, kamwedwe ndi dzina la famaseyo. Nambala ya batch ndi tsiku lothera mphamvu za pabokosi zifanane ndi za pa kachitsulo ka mapiritsi m'katimo. Yang'anani nambala ya kalembera wa Zimbabwe, mabokosi ambiri amaisindikiza pambali pamodzi ndi za mayiko oyandikana nawo. Malangizo akakhala m'chilankhulo choti palibe angawerenge m'nyumbamo, kapena zilembo zikakhala zolakwika, kapena mapiritsi akakhala ofumbutuka, osiyana mtundu ndi a mwezi watha, pitani nawo kwa wa famase mukafunse musanamwe. Nthawi zina amangokhala kuti asintha kampani, adzakuuzani. Risiti sungani, bokosi sungani mpaka mankhwala atatha. Ndalama lipirani ku nambala ya bizinesi yotuluka dzina la famase, osati ku EcoCash ya munthu wa dzina lina amene akuti ndi mlongo wa abwana. Izi sitikuphunzitsani zachilendo, ndi zomwe timachita tikamaoda katundu wa ndalama zambiri kwa munthu watsopano. Safunsa anadya phula.

Za mtengo, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Mankhwala amodzi omwewo amakhala ndi mayina ambiri a makampani, ndipo mitengo imasiyana kwambiri. Muuzeni dokotala alembe dzina lenileni la mankhwala, monga amlodipine kapena metformin, ndipo ku famase funsani kuti generic yotchipa ndi iti. Ndi yolembetsedwa, inayezedwa, imagwira ntchito mofanana. Tumizani chithunzi cha kalatayo ku mafamase atatu kapena anayi ovomerezeka mufananize, monga timachitira ndi mabelo. Ife amene timatha kuyenda kuchokera ku Small Street mpaka ku China Mall chifukwa cha kusiyana kwa R5, tikanike kufunsa mafamase atatu a mu Fort Street ndi mu Jason Moyo? Amene ali pa ma ARV ndipo amayenda maulendo ataliatali, kambiranani ndi anamwino a ku kiliniki yanu, amatha kupereka a miyezi itatu, ena mpaka isanu ndi umodzi, kwa munthu amene akumwa bwino. Yendani ndi khadi lanu la kuchipatala, kuti akakutherani muli kutali mukalowe pa kiliniki osati pa inbox. Mankhwala anuanu akumwa panjira nyamulani m'bokosi lake pamodzi ndi kalata ya dokotala, m'chikwama cha m'manja, osati mu trela. Ndipo ngati dokotala walemba mankhwala amene sanalembetsedwe ku Zimbabwe, ilipo njira ya lamulo: dokotala ndi famase amapempha chilolezo ku MCAZ kudzera pa gawo 75 la lamulo lija. Imatenga nthawi, koma ilipo.

Kwa amene timasamala makolo kumudzi ku Malawi, tumizani ndalama pa Mukuru kwa m'bale wodalirika akagule ku famase yovomerezeka ku Blantyre, ku Zomba kapena pa boma lapafupi, atanyamula buku la kuchipatala la wodwalayo. Kupatsira dalaivala mapiritsi kuti adutse nawo Nyamapanda, Tete ndi Zobue, kutentha konse kuja kwa mu Tete, masiku atatu pa msewu, si chikondi choposa. Ndiponso dokotala wa kumudziko ndi amene akudziwa BP ya mayi anu ya mwezi uno. Inu mukudziwa ya chaka chatha.

Boma nalo tisalisiye. Bola mashelefu a m'makiliniki akhale opanda kanthu, anthu a inbox sadzatha, ngakhale apolisi agwire makatoni angati. Mabungwe athu a amalonda odutsa malire akamakumana ndi akuluakulu amakamba za msonkho ndi za zimbudzi za pa boda, ndipo n'zofunika, koma anenenso za mankhwala a matenda a mgonagona, kuti azipezeka pa kiliniki ya khansolo pa mtengo woti gogo wa ku Sizinda angakwanitse. Koma kulephera kwa boma sikupatsa munthu wogulitsa mapoto chiphaso cha udokotala. Wa famase anakhala zaka ku yunivesite kuphunzira kuti mankhwala awa sayenda ndi awa, kuti mayi woyembekezera asamwe awa, kuti wa impso zofooka achepetse mlingo. Mnzathu wa inbox anafunsapo kasitomala wake ngati ali ndi pakati?

Kwa anzathu amene mwakhala mukuika mapositiwa, sitikukuthamangitsani m'geni. Katundu woti mugulitse ndi wambiri, ndipo m'gulu lino alipo okonzeka kukuonetsani poodera zina. Koma kuyambira Lolemba tikupempha ma admin kuti positi iliyonse yotsatsa mapiritsi, jakisoni, mankhwala a chifuwa, mafuta oyeretsa khungu kapena za mphamvu za abambo izichotsedwa pomwepo, ndipo lamuloli likhomedwe pamwamba pa gulu m'Chichewa, m'Chindebele ndi m'Chishona. Amene ali ndi famase yeniyeni ndipo akufuna kutsatsa atumize kwa admin chithunzi cha chiphaso cha MCAZ ndi adiresi, awiri mwa ife amene tili m'tauni tikaime pakhomopo tione, tikatero tidzaika dzina lake pa mndandanda woti aliyense aziuona. Amene muli ndi mapiritsi ogula pa inbox m'nyumba panopa, musasiye kumwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV mwadzidzidzi, ndipo musawataye m'chimbudzi. Atengeni momwe aliri mupite nawo ku kiliniki kapena ku famase sabata ino, akayeze BP kapena shuga wanu, akupatseni oyenera.